Funsani Azakhali: "Ndisinthe chiyani kuti asiye kundimenya?"

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndili ndi ana atatu, ndimakhala ku Mbayani mumzinda wa Blantyre. Pabanja ndakhalapo zaka 8. Tinachita chinkhoswe kwathu ku Thyolo, koma ukwati wa kutchalitchi sitinamange. Amuna anga amayendetsa kabaza, njinga yamoto ya eni ake. Ine ndimagulitsa mandasi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Tikuchita lendi chipinda chimodzi pamdadada wa zitseko 6, ana amagona kuseri kwa katani.

Poyamba ankangondilalatira akamwa. Mbama yoyamba inabwera ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Pano sabata siitha. Kumsewu kukawavuta, ndalama ya mwini njinga ikapanda kukwana, amafikira kutsegula kachitini kanga ka geni. Mwezi wathawu ndinatenga K80,000 ku banki m'khonde kuti ndiwonjezere mpamba, iwo anatengapo K50,000 akuti akakonzetse njinga. Nditawafunsa Lachisanu, poti Loweruka ndi tsiku lobweza, anandikankhira pambaula kenako n'kundikanyanga pakhosi mpaka ndinaona mdima. Anandisiya chifukwa mwana wathu wamkulu, wa zaka 7, anakuwa. Kutacha anagula Fanta ndi buledi n'kunena kuti ndi mowa unawachititsa. Kuchipatala ndinanena kuti ndinagwa pokatunga madzi. Zina za usiku sindingalembe pano.

Kwa ankhoswe tapitako katatu. Ankhoswe anga enieni ndi amalume, ali kumudzi ndipo thiransipoti sangaikwanitse, ndiye amene amatiweruza kuno ndi mnzawo wa amuna anga wa pasiteji pamodzi ndi akazi awo. Amangoti banja ndi kupirira, ndichepetse pakamwa. Mayi anga pafoni akuti kumudzi kulibe chakudya, ndikabwerera ndi ana atatu tikadya chiyani. Amuna anga akuti ndikangoponda kupolisi ndisadzabwerenso, ndipo poti ukwati sitinamange ndilibe changa m'nyumbamo, ngakhale ana.

Sindikufuna kuti amangidwe, nanga lendi azilipira ndani? Ndithandizeni azakhali, ndisinthe chiyani kuti asiye kundimenya?

Mwana wanu wosowa mtendere, Mbayani

Mwana wanga,

M'kalata yako yonseyi pali malo amodzi amene ndaimapo nthawi yaitali, pamene wati anakukanyanga pakhosi mpaka unaona mdima. Tiyambire pamenepo, za K50,000 tizipeza kutsogolo.

Ine ndagwira unamwino zaka 31, zambiri mwa izo m'tizipatala ta m'malokeshoni. Amayi "ogwa pokatunga madzi" ndawatsuka mabala osawerengeka. Munthu wogwa amasupuka maondo ndi zikhatho. Sabwera ndi mikwingwirima inayi mbali imodzi ya khosi ndi umodzi waukulu mbali inayo. Sasasa mawu, savutika kumeza malovu, maso ake sakhala ndi timadontho tofiira. Tinkadziwa ndithu, koma m'kabuku tinkalemba zomwe mayi wanena, iye n'kumanga mpango pakhosi n'kumapita. Amene amagwira ntchito ndi amayi ochitiridwa nkhanza, kuno ndi kunja komwe, amagwirizana pa mfundo iyi: mwamuna amene wafika pogwira mkazi pakhosi ndi woopsa kuposa wa mbama, ndipo amayi ochuluka ndithu mwa amene anaphedwa ndi amuna awo anayamba akanyangidwapo n'kupulumuka. Mdima unauonawo ndi ubongo umene unali kusowa magazi ndi mpweya. Tsiku limenelo unapulumutsidwa ndi mwana wa zaka 7. Tsiku lina adzakhala ali mtulo.

Tsono funso lako lakuti usinthe chiyani, yankho langa ndi lakuti palibe. Taganiza. Mwini njinga akamawakalipira kuti ndalama yaperewera, amamumenya? Wapolisi wa pamsewu akawalanda makiyi, amamugwira pakhosi? Anzawo a pasiteji amene amamwa nawo limodzi, ndi angati anawakankhira pamoto? Mowa womwewo, mkwiyo womwewo, koma manja amadziwa kudikira mpaka afike kunyumba, chitseko chitsekedwe. Ndiye kuti bamboyo amatha kudzigwira akafuna. Ukachepetsa pakamwa chifukwa chidzakhala mchere wa m'ndiwo, mchere ukakwana chidzakhala kasitomala wamwamuna amene unamumwetulira pogulitsa tomato.

Mawu akuti banja ndi kupirira sindingawanyoze ngati mlendo, chifukwa ine ndemwe ndawalankhulapo. Ndakhala mlangizi kumpingo kwathu zaka zambiri, ndaimirira pamaso pa atsikana mawa lake akukalowa m'banja n'kuwauza kuti za m'nyumba saulula. Chaka china mwana wa mng'ono wanga anafika kwathu usiku, nsapato ili kuphazi limodzi, mwana kumbuyo. Ndinamusunga masiku atatu, ndinamugulira chitenje chatsopano, kenako ndinamuperekeza ndekha kwa mwamuna wake, panjira ndikumulangiza za kupirira. Patatha miyezi inayi anabweranso khutu likutuluka magazi. Ali moyo, banjalo analisiya, ana ake anakula. Koma khutu lakumanzere silimva mpaka lero, ndipo ndikamalankhula naye amatembenuza mutu kuti andimvere ndi lakumanja. Nthawi iliyonse akatero ndimakumbukira chitenje chija. Kupirira kumene amayi athu ankanena kulipo: kudya bonya sabata yathunthu, apongozi olongolola, mwamuna waulova amene akuyesetsa. Zala za pakhosi sizili m'gulu limenelo.

Za ankhoswe ako ndikuuze mosabisa kuti amene akukuweruzaniwo ndi ankhoswe a amuna ako okha, iwe ulibe. Kwanu ku Thyolo mwambo wake unali wa chikamwini. Mwamuna ankamanga nyumba kwa mkazi, pakati pa alongo ake ndi amalume ake. Mkazi akangokuwa, abale ankatulukira mbali zonse, ndipo mkamwini wamanja ankamumangira katundu wake n'kumulozera njira. Mwambo wa unkhoswe unali ndi mano chifukwa cha zimenezo. M'tauni zonse zatembenuka. Landilodi amadziwa dzina la bambo, abale a mkazi ali kutali, ndipo nkhoswe ndi aliyense amene wapezeka pafupi. Tasunga mawu a mwambo koma chitetezo chake tinachisiya kumudzi. Imbira amalume ako iwe mwini, osadzera mwa mayi ako, ndipo usawauze kuti "sitikugwirizana". Uwauze kuti anakukanyanga pakhosi mpaka kukomoka. Ndikukayika ngati mawu amenewa anawafikapo. Ngati vuto ndi thiransipoti, Thyolo si kutali, ndalama ya minibasi itumizidwe pafoni. Mayi ako nawonso sakukukana, akuopa njala, ndipo njalayo ndi yoona. Koma afunse mwaulemu kuti iwe ukapita kwanu uli m'bokosi, ana atatu omwewo adzadya chiyani.

Usaganize kuti tsokali ndi lako wekha. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita mu 2015 ndi 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse amene anakhalapo pabanja, 42 anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kukakamizidwa zogonana kapena kuzunzidwa m'maganizo. Pamdadada wanu wa zitseko 6 ukhoza kuwerengera wekha.

Tsopano za kumangidwa, chifukwa ndaona kuti apa ndi pamene amuna ako akutsekera pakamwa. Amayi ambiri amaganiza kuti njira ndi ziwiri zokha, kukhala chete kapena kum'mangitsa bambo wa ana. Ilipo yachitatu. Mu 2006 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja, Prevention of Domestic Violence Act. Achikulire akukumbukira kuti m'nyengo imeneyo dziko lonse linali likukamba za mayi wa ku Dowa amene mwamuna wake anamudula manja. Lamuloli limapatsa khoti la majisitireti mphamvu yopereka chikalata chokuteteza, chimene amachitcha protection order. Chikalatachi sichitumiza munthu kundende. Chimamuletsa kukumenya, kukuopseza kapena kukulondalonda, ndipo khoti likhoza kulamulanso kuti apitirize kulipira lendi ndi kusamalira ana. Zinthu zikafika poipa, khoti lingathe kulamula kuti iye ndiye atuluke m'nyumba iwe ndi ana mutsale, ngakhale nyumbayo ndi ya lendi. Kwa nyumba ya lendi chikalata chake amati tenancy order. Akaphwanya zimene khoti lalamula, pamenepo ndiye kuti wadzimangitsa yekha. Dziwanso kuti lamuloli silinena za zibakera zokha. Kukulanda ndalama za geni nakonso ndi nkhanza yolembedwa m'menemo. Komabe sindikubisira, zimene anakuchita Lachisanu lija ndi mlandu wokwana kumangitsa munthu, ndipo tsiku limene udzafune kutero palibe angakuimbe mlandu.

Zoti ukwati simunamange ndiye ulibe chako ndi bodza lamkunkhuniza. Lamulo la maukwati la 2015, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wachikhalidwe ngati wanu wa chinkhoswe, ndipo onse ndi ofanana mphamvu. Ngakhale anthu amene anangolowana popanda mwambo uliwonse, akakhala limodzi zaka zosachepera 5, khoti likhoza kuwazindikira ngati banja. Gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti banja likatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri. Ana si mbuzi zoti mwini khola atenge. Khoti limayang'ana kumene anawo angakhale bwino, ndipo lamulo la ana la 2010 limakakamiza kholo kusamalira mwana wake, kaya likukhala naye kaya ayi.

Ndisakunamize kuti zonsezi zimayenda ngati madzi. Ukhoza kukakumana ndi munthu patebulo amene angakuuze kuti "mayi, kakambiraneni kunyumba". Ukhoza kupita kukhoti kawiri katatu, tomato akuwola pabenchi. Ndalama ya chisamaliro kuchokera kwa wakabaza, amene alibe malipiro a pamwezi oti n'kudulidwa, imavuta kutolera. Nyumba zosungirako amayi othawa nkhanza n'zochepa kwambiri m'dziko muno. N'chifukwa chake geni yakoyo ndiyo mwendo wako, uiteteze ngati mwana wachinayi.

Sabata ino, mwakachetechete, uchite izi. Bwerera kuchipatala ndi kabuku kako, ukanene zoona kuti zilembedwe, makamaka ngati mawu akadali osasa, ukumva kuwawa pomeza kapena mutu ukuzungulira, chifukwa kuvulala kwa m'khosi kumatha kuonekera patapita masiku. Kuchipatala cha Gulupu (Queen Elizabeth) kuli malo otchedwa Chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi, kuti munthu asamayendeyende ndi nkhani yake maofesi anayi. Kupolisi usakaime pakauntala pamene pali gulu, ukafunse ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ya Victim Support Unit, ndipo mawu ako oyamba akakhale a pakhosi aja, za ndalama pambuyo. Ukanene kuti ukufuna nkhaniyo ilembedwe. Pa za kukhoti, a Legal Aid Bureau ndi aboma ndipo ntchito yawo ndi kuthandiza amene sangakwanitse kulipira loya. Bungwe la WOLREC nalonso lili mu Blantyre momwemo ndipo limathandiza amayi pa za malamulo. Ngati ukufuna kuyamba walankhula ndi munthu wosakudziwa, imba 5600, nambala yaulere ya bungwe la YONECO ya nkhani za nkhanza. Ya ana ndi 116. Ukaimba ufufute pafoni.

Pa zija wati sungalembe, ndamva. Ukwati si chilolezo chokukakamiza. Zikachitika ndipo ukuopa matenda, mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP amagwira ntchito ukayamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba yosakonzekera nawonso amafuna changu chomwecho. Usadikire Lolemba.

Ku banki m'khonde usabise. Mukokere pambali tcheya kapena msungichuma, umuuze kumene K50,000 inapita, upemphe kuti akutalikitsire nthawi. Amayi amenewo amadziwa zambiri kuposa mmene ukuganizira, ena a iwo kachitini kawo kanatsegulidwaponso. Chimene ndikukuletsa ndi katapila, usatseke dzenje pokumba chitsime. Kachitini kaja kasiye pamalo pake ndi timasenti tochepa kuti pasakhale mafunso, koma mpamba weniweni uzisunga pa Mpamba kapena Airtel Money, pa simu ina imene izikhala kwa mayi mmodzi amene umamukhulupirira. Kwa mayi yemweyo kasiyeko kajumbo: chiphaso chako cha unzika, makadi a sikelo ndi mabuku a kuchipatala a ana, zovala zosinthira, yunifolomu ya wamkuluyo, ndi ndalama yokwana minibasi. Mabala akakhalapo ajambulidwe pafoni yake, osati yako.

Nyumba za mdadada ndimazidziwa, khoma silifika kudenga, woyandikana naye akatsokomola umamva. Chimene chimakuchititsa manyazicho chisandutse chida. Pangana ndi neba mmodzi kuti akamva wagogoda khoma katatu, kapena waitana dzina limene mwagwirizana, abwere ndi anthu. Mkangano ukayamba, suntha uchoke kumene kuli mbaula, mpeni ndi mpini, ukhale mbali ya kuchitseko. Mwana wamkuluyo umuuze kuti ntchito yake si kuleretsa, ndi kuthamangira kwa neba. Ndipo iyeyo umupezere nthawi, mwana amene waona mayi ake akukanyangidwa amasenza katundu amene sanena, ena amayamba kukodza pogona, ena kumenya anzawo kusukulu.

Chinthu chimodzi ugwiritsitse: ukaganiza zochoka, kaya kwa sabata kaya kwa muyaya, usalengeze. Usanene mokalipa kuti "mawa ndikupita kwathu". Nthawi imene mwamuna wankhanza wazindikira kuti mkazi akumupulumuka ndi imene amaopsa kwambiri. Uchoke masana iye ali kumsewu, ndipo kumene wapita adziwe anthu ochepa.

Kodi angasinthe? Ena amasintha, ndawaonapo, koma si ambiri, ndipo chizindikiro chake si Fanta ndi buledi. Ndi munthu amene wavomera pamaso pa amalume ako kuti "ndinam'kanyanga" popanda kunamizira mowa kapena pakamwa pako, wabweza K50,000 ija, walola uphungu, ndipo miyezi yadutsa dzanja lake lisanakukhudze. Zimenezo akhoza kuzichita iwe uli pamalo otetezeka, sizifuna kuti uzigona pambali pake poyembekezera. Zothetsa banja kapena ayi sindikulamula, mwini wake ndiwe. Koma undilemberenso mwezi ukatha, undiuze kuti amalume anati chiyani.

Azakhali

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 44, ndimakhoma zidebe ndi mbaula ku Chinsapo mu Lilongwe. Mnyamata amene tayandikana naye chitseko amamenya mkazi wake pafupifupi Loweruka lililonse. Timamva zonse, ana athu amadzuka. Ndikafuna kutuluka mayi akunyumba amandigwira malaya, amati za eni saweruza, mawa akagwirizana mdani udzakhala iwe. Tsiku lina ndinamulankhula mnyamatayo masana, anandifunsa ngati mkaziyo ndi chibwenzi changa. Nditani?

Bambo wa ku Chinsapo

Achimwene,

Mayi akunyumbawo sakunama, mawa lake awiriwo akhozadi kukudutsani osapereka moni. Koma kusowa moni wa neba ndi nkhani yaing'ono poyerekeza ndi kudzanyamula nawo mtembo pakhomo limene munkamva kukuwa.

Musalowe nokha m'nyumba ya munthu woledzera, mwina ali ndi mpeni. Dzutsani bambo wina wa pamdadadapo kapena alandilodi, mupite awiri atatu, mugogode mwamphamvu n'kumuitana ndi dzina lake. Simukupita kukaweruza kuti wolakwa ndani. Nthawi zambiri kugogoda kokhako kumaimitsa dzanja, chifukwa womenya amadalira kuti aliyense anamizire tulo. Masana kauzeni amfumu a m'dera lanu ndi a komiti ya chitetezo cha m'mudzi, kuti Loweruka likubwerali asadzadabwe mukawaimbira. Mukamva kuti kukuwa kwasiya mwadzidzidzi, kapena mwamva za mpeni, imbirani apolisi nthawi yomweyo, musayambe mwafunsa chilolezo kwa wina aliyense.

Funso lake lija la chibwenzi ndi msampha wakale, ndipo likhoza kumuonjezera mavuto mtsikanayo. Choncho inu musamakambe naye pawiri. Ntchito imeneyo ndi ya mayi akunyumba. Akakumana naye pakiyosiki ya madzi kapena pochapa, asamufunse kuti umatani kuti azikumenya. Angomuuza motsitsa mawu kuti timamva, chitseko chathu sitikhoma msanga Loweruka, ndipo ngati uli ndi kajumbo kofuna kusungitsa, bwera nako. Amuuzenso za nambala ya 5600 ndi za Chikwanekwane cha ku Kamuzu Central. Mwina tsiku loyamba akana, anena kuti munamva wailesi. Asakwiye, adzamuuzenso sabata inayo.

Azakhali